Zimene zasunga tchalitchi cha Trondenes, ndi zimene zingachiwononge

A Mkonzi,

Tiloleni mpata m'nyuzipepala yanu kuti tinenepo za nyumba ina yopemphereramo ya kumpoto kwenikweni kwa dziko la Norway, komanso za luso limene lili m'kati mwake. Anthu akamakamba za matchalitchi akale a dziko limeneli amathamangira aja a matabwa okhala ndi madenga osanjikizana, amene atsala 28 okha. A miyala sawatchula kawirikawiri, chonsecho alipo pafupifupi 160 omangidwa chisanafike chaka cha 1537, chimene dzikolo linasiya Chikatolika, ndipo ambiri anthu akupempheramobe mpaka lero. Chatilembetsa kalatayi ndi maganizo ofala akuti nyumba ya miyala imadzisunga yokha, ndipo ikayamba kung'aluka mankhwala ake ndi simenti. Maganizo amenewa ndi olakwika. Zambiri zimene zawonongeka m'matchalitchi otere m'zaka 100 zapitazi zinawonongeka m'manja mwa anthu akufuna kwabwino, amene ankati akukonza khoma kapena akuthandiza opemphera kuti asamazizidwe.

Tchalitchi chimene tikunena ndi cha Trondenes, pachilumba cha Hinnøya, kufupi ndi tauni ya Harstad. Mwa matchalitchi onse a miyala a nthawi imeneyo amene alipobe ku Norway, ichi ndiye chili kumpoto kwambiri. Kumeneko dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale, ndipo sililowa kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka pakati pa Julayi. Chili m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamalo oomba mphepo. Kwa nthawi yaitali anthu ankati chonse ndi cha m'zaka za m'ma 1200, koma akatswiri atawerenga mizere ya zaka ya m'kati mwa mitengo ya denga anapeza kuti ntchito inatha chitangodutsa chaka cha 1434. Njira imeneyi ndi yodalirika chifukwa mtengo umawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse, wotakata ngati nyengo inali yabwino, wopyapyala ngati inali yoipa, ndipo ndondomeko ya mizereyo imayerekezedwa ndi ya mitengo ina ya m'dera lomwelo imene zaka zake zikudziwika kale.

Munthu angadabwe kuti anthu a kutali chonchi anapeza kuti chuma chomangira nyumba yaikulu chotere. Chinachokera ku nsomba. Pakati pa Januwale ndi Epulo nsomba za cod zimabwera mwaunyinji kudzaswana m'magombe a Lofoten ndi Vesterålen. Asodzi ankazitumbula, kuzimanga ziwiriziwiri kumchira, n'kuzipachika pamitanda kuti ziume ndi mphepo yozizira popanda mchere. Zikauma ankazinyamula pamabwato kupita ku Bergen, kumene amalonda a Chijeremani a mgwirizano wa Hansa anali ndi malo awo ku Bryggen. Mpingo unkalandira chakhumi cha nsombazo, ndipo parishi ya Trondenes, imene inali m'manja mwa akuluakulu a tchalitchi chachikulu cha Nidaros ku Trondheim, inali pakati pa zolemera kwambiri. Mabwato omwe anapita ndi nsomba ankabwerera ndi ufa, nsalu, ndi zokongoletsera za paguwa.

Tiyambe ndi khoma, pakuti khoma likadwala zonse za m'kati zimadwala nalo. Amisiri a nthawi imeneyo ankamanga zipupa ziwiri moyang'anizana, chakunja ndi cham'kati, n'kudzaza pakati ndi miyala ing'onoing'ono yosakaniza ndi matope a laimu. M'matchalitchi ambiri khoma lotere limaposa mita imodzi kukhuthala kwake. Pamakomo, pamazenera ndi m'makona ankaikapo miyala yosema bwino, ndipo m'chigawo cha Trøndelag ndi kumadzulo kwa dzikolo ankakonda mwala wofewa wotchedwa kleberstein, umene umasemeka ndi zipangizo zosemera mtengo. Tchalitchi chachikulu cha Nidaros chinamangidwa kwambiri ndi mwala umenewu.

Laimu wake ankamupanga motere. Miyala ya laimu ankaiwotcha m'ng'anjo kwa masiku angapo mpaka kutentha kufika madigiri pafupifupi 900. Mwala wabwino umataya pafupifupi 44 peresenti ya kulemera kwake chifukwa mpweya wa carbon dioxide umatulukamo. Akauthira madzi umawira, kutentha kwambiri, n'kusanduka phala loyera. Phala limeneli ankalisakaniza ndi mchenga. Masiku ano amisiri ambiri amayambira pa muyezo umodzi wa laimu ku miyezo itatu ya mchenga, koma matope akale akawapima amapezeka kuti kawirikawiri anali ndi laimu wochuluka kuposa pamenepo, ndipo amaoneka timibulu toyera ta laimu wosasungunuka bwino. Matope otere sauma msanga ngati simenti. Amalimba pang'onopang'ono pokoka carbon dioxide yemweyo kuchokera mumpweya, kuyambira kunja kulowa m'kati, mamilimita ochepa pamwezi. N'chifukwa chake kumpoto kotere nyengo yomanga inali yaifupi, ndipo nyumba ngati imeneyi inkatenga zaka zambirimbiri.

Ubwino wa laimu ndi wakuti ndi wofewa kuposa mwala ndipo amalola madzi kudutsa. Khoma la miyala silikhala louma kotheratu. Mvula imalowa pang'ono, chinyezi chimakwera kuchokera pansi, ndipo zonsezi zimatulukira m'mizere ya matope ya pakati pa miyala. Nyumba ikasuntha pang'ono chifukwa cha kutentha ndi kuzizira, matope ndi amene amang'aluka timing'alu tating'ono, mwala n'kupulumuka. Matope amenewo anapangidwira kutha, kuti pakapita zaka mmisiri awachotse n'kuika ena.

M'zaka za m'ma 1900 matchalitchi ambiri a miyala anapakidwa pulasitala wa simenti kunja, ena anawapakanso penti wa pulasitiki pamwamba pake. Zotsatira zake ndi zofanana paliponse. Simenti ndi yolimba ndipo siipindika, choncho imang'aluka timizere tosaoneka bwino ndi maso. Mvula yoombedwa ndi mphepo imalowa m'timizereto, koma ilibe potulukira. Madzi amadzaza pakati pa khoma, amasungunula laimu wakale n'kumutsukira pansi, mpaka pakati paja pamatsala miyala ndi mchenga wosagwirana. Chisanu chikafika madziwo amaundana n'kufufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo chipupa chakunja chimayamba kutukumuka ndi kulekana ndi cham'kati. Mmisiri akagogoda pulasitala ndi chigwiriro cha nyundo amamva kulira kwa mphako, ndipo akachotsa chibenthu chimodzi amapeza kuseri kuli matope onyowa amene amafumbutuka m'manja. Popeza kunja kwatsekedwa, chinyezi chimalowera m'kati mwa tchalitchi, kumene kuli zojambula.

Chinyezi chimenecho chimanyamula mchere. Wina ndi wa m'nyanja wobwera ndi mphepo, wina ndi wa m'nthaka ya kumanda ozungulira tchalitchi, ndipo wina amachokera m'simenti momwemo. Madzi akauma pankhope ya khoma, mchere umatsala n'kupanga timibulu m'timabowo ta pulasitala, ndipo timibuluto tikamakula timakankha pulasitala ndi utoto mpaka kusanduka fumbi. Mchere wamba umasungunuka chinyezi cha mumpweya chikaposa pafupifupi 75 peresenti, n'kuumanso chikatsika. Ndiye khoma limene mpweya wake ukukwera ndi kutsika kudutsa pamalire amenewa limadyeka mobwerezabwereza. Kungosesa mchere woyerawo n'kupaka laimu watsopano sikuthandiza ngati gwero la madzi silinatsekedwe.

Kukonza koyenera kuli ndi ndondomeko yake, ndipo kuisokoneza ndi kutaya ndalama. Choyamba ndi denga, ngalande za madzi a padenga, mipope yotsitsira madzi, ndi nthaka ya m'mbali mwa khoma, imene iyenera kupendekera kunja. Kumanda nthaka imakwera ndi zaka, ndipo malo ena yakwirira maziko. Zikatha izi simenti imachotsedwa ndi nyundo ndi tchizulo, modekha, chifukwa makina amphamvu amaswa m'mphepete mwa miyala ndi kugwedeza zojambula za m'kati. Khoma limafunika kuuma, nthawi zina kupitirira chaka, litatchingidwa ku mvula. Mizere imakumbidwa kuya pafupifupi kawiri kutakata kwake, imatsukidwa fumbi, imanyowetsedwa, kenako matope a laimu amakankhidwiramo mwamphamvu m'magawo osaposa sentimita imodzi ndi theka, gawo lililonse n'kulisiya ligwire lisanaikidwe lina. Ntchito yatsopano imaphimbidwa ndi masaka onyowa kuti dzuwa ndi mphepo zisaiumitse isanalimbe. Kutentha kukatsika kufika madigiri 5 ntchito imaima, pakuti laimu amene waundana asanalimbe amayoyoka chaka chotsatira. Pomaliza khoma limapakidwa laimu wamadzimadzi kangapo, mopyapyala, pakhoma lonyowa. Wopaka kamodzi mokhuthala pofuna kufulumira amaona zonse zikusendeka chisanu choyamba.

Tilowe m'kati tsopano. Chuma chachikulu cha Trondenes ndi makabati atatu a paguwa a kumapeto kwa nyengo ya Chikatolika ya dzikolo. Kale analipo ochuluka kuposa amenewa, koma atatu ndi amene atsala m'tchalitchimo. Kabati ya paguwa ndi bokosi la matabwa losaya kwenikweni, lokhala ndi zitseko ziwiri. M'kati mwake mumaima ziboliboli za oyera mtima zokutidwa ndi golide ndi utoto, ndipo pamwamba pa mitu yawo pali zosema zoonda zolukanalukana. Maria ndi amayi ake Anna, amene ankalemekezedwa kwambiri kumpoto kwa Ulaya m'zaka za m'ma 1400, ali ndi malo aakulu. Kunja kwa zitseko kumakhala zithunzi zojambula ndi utoto. Masiku wamba ndi m'nyengo ya Lenti makabati otere ankakhala otseka, ndipo ankawatsegula pamasiku a chikondwerero. Munthu aganizire msodzi amene wakhala milungu ingapo osaona dzuwa, akulowa m'tchalitchi pa Khirisimasi n'kupeza zitseko zatsegulidwa, golide akunyezimira ndi kuwala kwa makandulo. Amisiri ankadziwa kuti ntchito yawo idzaonedwa ndi kuwala kotere, ndipo ankaipangira zimenezo.

Kwa zaka zambiri imodzi mwa makabatiwa ankati inachokera m'manja mwa Bernt Notke, mmisiri wotchuka wa ku Lübeck, koma akatswiri a masiku ano akukayika zimenezo. Ife tikuona kuti kukayikako n'kwabwino. Kale chilichonse chokongola cha m'magombe a Norway ankangochitcha cha ku Lübeck, koma kupima matabwa, kalumikizidwe kake ndi kapakidwe ka utoto kwaonetsa kuti nkhani ya makabati a m'dzikolo ndi yosakanikirana: ena anachokera kumizinda ina ya kumpoto kwa Germany ndi ku Netherlands, ndipo pa ena amisiri okhala ku Norway komweko anagwirapo ntchito.

Kuti timvetse chimene chimawononga zinthu zimenezi tiyenera kudziwa mmene zinapangidwira. Mtengo wake kawirikawiri ndi thundu, ndipo matabwa abwino kwambiri ankachokera kunkhalango za kum'mawa kwa nyanja ya Baltic. Ankawang'amba motsata mizere yochokera pakati pa thunthu kupita kukhungwa, chifukwa thabwa lotere silipindika kwambiri. Ziboliboli zikuluzikulu ankazigoba kumsana kuti zisang'aluke pouma. Mtengo ukasemedwa ankaupaka guluu wopangidwa ndi zikopa, pamalo olumikiza ndi pamfundo n'kumatapo tinsalu. Kenako ankapaka choko chosakaniza ndi guluu yemweyo, kangapo, n'kupala ndi kusalaza mpaka pakhale see. Pamalo oika golide ankayamba apakapo dothi lofiira losalala kwambiri, kulinyowetsa, kuyalapo golide wosulidwa mopyapyala kuposa pepala lililonse, ndipo akauma ankamukhutiza ndi dzino la nyama kapena mwala wosalala mpaka awale. Pamalo osaoneka bwino, monga kuseri kwa mapindo a chovala, ankasunga ndalama poika golide wosulidwa pamodzi ndi siliva, ndipo malo amenewo lero anada chifukwa siliva amachita dzimbiri lakuda. Mtundu wobiriwira ngati thambo unkachokera ku mwala wa azurite woperedwa pang'ono chabe, pakuti ukaperedwa kwambiri umatuwa. Nkhope ndi manja ankazipaka utoto wa mafuta.

Choncho chiboliboli chilichonse ndi zinthu zitatu zomatana zimene sizimvana pa nkhani ya chinyezi. Mtengo umafufuma mpweya ukanyowa, n'kufota ukauma, ndipo umatero m'mimba mwake, m'litali pafupifupi osasintha. Choko ndi guluu zimasuntha pang'ono, utoto wakale ndi wouma gwa ndipo sutambasuka. Chinyezi cha mumpweya chikatsika kuchoka pa 60 kufika pa 30 peresenti n'kukhala pamenepo milungu ingapo, thabwa la thundu la masentimita 30 m'mimba mwake likhoza kufota mamilimita 2 kapena 3. Choko chapamwamba chimasowa pokwana, chimanyamuka n'kupanga timitumbira tosongoka totsata mizere ya mtengo. Mukawalitsa tochi cham'mbali mumationa bwino, ndipo pansi pa chiboliboli mumapeza tizibenthu ta golide ndi toyera.

Kwa zaka mazana matchalitchi amenewa analibe moto. Anthu ankapemphera atavala zofunda zawo, ndipo makoma okhuthala ankachititsa kuti kutentha ndi chinyezi zizisintha pang'onopang'ono potsata nyengo. Mbaula za nkhuni zinalowa m'zaka za m'ma 1800, n'kubweretsa mwaye. Zotenthetsera za magetsi zinafala m'zaka za m'ma 1900, ndipo ndi zimene zinabweretsa vuto lalikulu. Masamu ake ndi osavuta. Mpweya wa panja wa madigiri 5 pansi pa ziro, wokhala ndi chinyezi cha 80 peresenti, mukautenthetsa kufika madigiri 20 chinyezi chake chimagwa kufika pansi pa 20 peresenti. Makoma amabwezako china, koma pobweza amakoka madzi ndi mchere kuchokera m'kati mwawo kupita pankhope pamene pali zojambula. Tchalitchi chotenthetsedwa ngati nyumba yogona nyengo yonse yozizira chimaumitsa matabwa ndi kudya makoma nthawi imodzi.

Sitikunena kuti agogo okalamba azinjenjemera m'mapemphero. Njira imene akatswiri amalimbikitsa ndi yotenthetsa anthu m'malo motenthetsa nyumba yonse. M'kati mwa sabata tchalitchi chizikhala chozizira, madigiri ochepa pamwamba pa ziro. Patsiku la mapemphero zotenthetsera za pansi pa mabenchi ziyatsidwe kwa maola ochepa, n'kuzimitsidwa mapemphero akatha, chifukwa mtengo wokhuthala sufulumira kuyankha kusintha kwa maola ochepa, koma umayankha kusintha kwa masiku ndi milungu. Chotenthetsera chisayandikire guwa, ndipo magetsi owala kwambiri asalunjike pafupi ndi ziboliboli. Pakhale tizipangizo tolemba kutentha ndi chinyezi ola lililonse kwa chaka chathunthu munthu asanasinthe chilichonse. Chinyezi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti ndi chimene chimatchulidwa kawirikawiri, koma chofunika kuposa nambala ndi kusasintha modzidzimutsa, pakuti chinthu chimene chakhala zaka 500 mumpweya wonyowerapo chinazolowera pamenepo.

Pali cholakwa china chimene osamalira tchalitchi amachita ndi mtima wabwino. Nyengo yozizira ikatha, kunja kukafunda, amatsegula makomo kuti mulowe mphepo. Makoma amakhala akadali ozizira, ndipo mpweya wofunda wa panja ukawakhudza umasiya mame pamakoma ndi pagolide. Chinyezi chikakhalitsa pamwamba pa 70 peresenti nkhungu imamera paguluu, ndipo tizilombo tofumbula matabwa timaswana. Chizindikiro chake ndi timabowo ta milimita imodzi kapena iwiri ndi ufa watsopano woyererapo pansi pake. Mankhwala opopera saloledwa pa zinthu zopakidwa utoto wakale. Chinthucho amachitsekera m'thumba losalowa mpweya, kuchotsamo oxygen, n'kuchisiya milungu ingapo mpaka tizilombo ndi mazira ake zife.

Utoto ukayamba kunyamuka, woyeretsa m'tchalitchi asapukute, asapemerere, asakhudze. Atole tizibenthu togwa, atiike mu envulopu, alembe pamene tagwera, n'kudziwitsa oyang'anira. Ku Norway ntchito yambiri yotere imagwiridwa ndi akatswiri a NIKU, bungwe lofufuza ndi kusamala zinthu zakale. Iwo amayamba ndi kujambula zithunzi ndi kuwala kwa cham'mbali, nthawi zina ndi X-ray ndi infrared, kuti aone misomali, zolumikiza ndi zimene ena anapakapo pambuyo pake. Kenako amatenga guluu wopangidwa ndi chikhodzodzo cha mpweya cha nsomba ya sturgeon, wosungunula mofooka, pafupifupi 2 kapena 3 peresenti, wofunda, n'kumulowetsa pansi pa kachibenthu kalikonse ndi kaburashi koonda. Pamwamba amayalapo pepala lopyapyala la ku Japan, n'kutsindika modekha ndi kachitsulo kofunda mpaka kachibenthuko kagone pamalo pake. Guluu ameneyu amamukonda chifukwa amalowa bwino, ndi wa mtundu umodzi ndi guluu wakale, ndipo wobwera m'tsogolo akhoza kumufewetsanso ndi madzi ofunda. Pamene utoto unatayika kale samapekapo nkhope kapena dzanja. Amangotonthoza kuyera kwa choko ndi utoto wochotseka kuti diso lisakodwe pamenepo. Ntchito ya kabati imodzi imatenga miyezi, ndipo ngati mpweya wa m'tchalitchi sunakonzedwe, pakapita zaka zochepa timitumbira timabwereranso.

M'chigawo cha kuguwa cha Trondenes mwatsalanso zidutswa za zojambula za pakhoma za nthawi yomweyo. Zojambula zotere kumpoto kwa Ulaya ankazipaka pa laimu, ndi mitundu yochepa: dothi lachikasu, dothi lofiira, makala, ndi mitundu ina yochokera ku mtovu ndi mkuwa. Ya mtovu imasintha ndi zaka, n'chifukwa chake m'matchalitchi ena mumaona nkhope ndi zovala zakuda zimene poyamba zinali zofiira. Zambiri zinakwiriridwa ndi laimu patapita nthawi dzikolo litasanduka la Chilutera, ndipo laimuyo ndi amene anaziteteza mpaka anayamba kuzivundukula kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi m'zaka za m'ma 1900. Ku Kinsarvik, m'dera la Hardanger, kuli chithunzi cha mngelo Mikayeli akuyeza mizimu pasikelo. Ife tikuti pamene zojambula zikadali pansi pa laimu ndipo khoma lake silinaume, zisiyidwe momwemo. Kuvundukula n'kosavuta kuyerekeza ndi kusamala chimene mwavundukula.

Chinanso choyenera kuyamikira ndi chakuti kusintha kwa chipembedzo kwa mu 1537, pamene bishopu wamkulu womaliza Olav Engelbrektsson anachoka m'dzikolo, sikunatsagane ndi kuphwanya ziboliboli kulikonse. M'maparishi ambiri anthu anangozisiya pamalo pake, n'kuwonjezera zawo. Ku Trondenes gome lolalikirapo la m'zaka za m'ma 1700 lili ndi galasi la mchenga loyezera kutalika kwa ulaliki, ndipo limba la mipope ndi la kumapeto kwa zaka zomwezo. Zonsezi ndi mbali ya mbiri ya nyumbayo, ndipo kuchotsa zatsopanopo pofuna kubwezeretsa maonekedwe a m'ma 1400 kukanakhala kuwononga. Chimene chinagwetsa matchalitchi ambiri akale ndi lamulo la mu 1851 lakuti tchalitchi chizikwana anthu atatu mwa khumi alionse a m'parishi. Ang'onoang'ono ambiri anagumulidwa, ndipo zokongoletsera zake zinapita kumalo osungirako zakale. Mwa matabwa 31 ojambulidwa a kutsogolo kwa guwa a ku Norway amene atsala, a pakati pa 1250 ndi 1350, ambiri ali ku Bergen. Ambiri mwa matabwa amenewa ndi a paini, ndipo kafukufuku wa katswiri wa ku Norway Unn Plahter anaonetsa kuti ambiri anapakidwa utoto wa mafuta zaka zambiri asanatchuke Jan van Eyck, wojambula amene kale ankati ndiye anayambitsa utoto wa mafuta. Chimene chimaoneka ngati golide pa ambiri mwa iwo ndi siliva wopakidwa vanishi wachikasu.

Ena amati makabati a Trondenes ndi ena otere akanasungika bwino m'nyumba yosungira zakale, momwe mpweya umayendetsedwa ndi makina. Mfundo yawo ili ndi mphamvu, koma ife sitikugwirizana nayo. Kusamutsa pakokha ndi ngozi, mpweya wa m'nyumba zotere ndi wouma kuposa umene matabwawo anazolowera, ndipo kabati yochotsedwa paguwa imataya kutalika kumene inapangidwira kuonedwera, kuwala kwake, ndi anthu amene amaipempherera patsogolo. Ikhale pamalo pake, koma mpingo uvomere mtengo wake: tchalitchi chozizirirapo, makandulo ochepa ndi otalikirana ndi matabwa, mawaya a magetsi oyenderedwa kawirikawiri, zodziwitsa moto, ndi chotchinjiriza mphezi chogwira ntchito.

Malamulo alipo. Lamulo la zachikhalidwe la mu 1978 limateteza chilichonse cha chisanafike 1537 popanda kudikira kuti wina achilembetse, ndipo palibe angasinthe kanthu panyumba zimenezi popanda chilolezo cha akuluakulu oona za zakale, amene ofesi yawo yaikulu ndi Riksantikvaren, yokhazikitsidwa mu 1912. Vuto lakhala ndalama. Tchalitchi ndi cha parishi, koma ndalama zochisamalira zimachokera ku khonsolo ya dera, imene ilinso ndi sukulu ndi nyumba za okalamba zoti izisamale, ndipo ngalande za padenga la tchalitchi zimakhala kumapeto kwa mndandanda. Boma tsopano linakhazikitsa thumba losamalira matchalitchi akale la makrona 10 biliyoni, loti lizitulutsa mpaka 500 miliyoni pachaka, ndipo matchalitchi a miyala a nthawi imeneyi ali patsogolo pokonzekera chaka cha 2030, pamene padzakhale patatha zaka 1000 chichitikireni nkhondo ya ku Stiklestad imene mfumu Olav anaferapo.

Nkhawa yathu ili pa tsiku loikikalo. Laimu safulumizidwa, khoma lonyowa siliuma chifukwa chikondwerero chayandikira, ndipo amisiri odziwa matope a laimu ndi ochepa poyerekeza ndi ntchito imene ilipo. Ndalama zambiri zikabwera nthawi imodzi pamakhala chiyeso chopereka ntchito kwa aliyense amene ali ndi makwerero, ndi chosakaniza kasimenti pang'ono m'matope kuti agwire msanga chisanu chisanafike. Gawo la ndalamazo lipite ku kuphunzitsa amisiri achinyamata pamakoma enieniwo, moyang'aniridwa ndi odziwa, ndipo parishi iliyonse ikhale ndi buku lolembamo tsiku limene ngalande zinayeretsedwa, matope amene anagwiritsidwa ntchito, muyezo wake, ndi kumene mchenga unatengedwa. Pamene 2030 yafika khoma lina lisanaume, nsalu zotchinga zikhalebe pomwepo, alendo achikondwerero alowe m'tchalitchi chovala masaka, ndipo laimu womaliza adzapakidwe chaka chimene khomalo lidzakhale lokonzeka.

Zikomo a Mkonzi potipatsa mpata.

Ife anu,
Owerenga okonda nyumba zakale ndi luso lake